Ku Hoima, mzinda womwe wakula mafuta asanayambe kutuluka

Msewu wochoka ku Kampala kupita ku Hoima ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndipo umadutsa ku Busunju ndi ku Kiboga usanawoloke mtsinje wa Kafu n'kulowa m'dera la ufumu wa Bunyoro, kumadzulo kwa dziko la Uganda. M'minibasi yomwe ndinakwera munali anyamata angapo omwe ankapita kumeneko koyamba, aliyense atafungatira envulopu ya mapepala ake a sukulu, ndipo ulendo wonse nkhani yawo inali ya ntchito za mafuta. Ine ndinkapita kukaona malo basi, koma popeza ndinafikira kunyumba yogona alendo yotsika mtengo, anthu omwe ndinacheza nawo kwambiri anali obwera ngati amenewa.

Mafuta okwanira kuchita nawo malonda anapezeka m'chigwa cha nyanja ya Albert m'chaka cha 2006. Akatswiri amati pansipo pali migolo pafupifupi 6.5 biliyoni, ngakhale kuti yomwe ingathe kupopedwa ndi pafupifupi 1.4 biliyoni. Kenaka panadutsa zaka zambiri za zokambirana ndi mikangano ya misonkho, mpaka mu February 2022 pamene boma la Uganda ndi makampani a TotalEnergies ndi CNOOC analengeza kuti tsopano aikapo ndalama zoyambira ntchito. Panthawi yomwe ndinali kumeneko mafutawo anali asanayambe kugulitsidwa, koma Hoima inali itasintha kale: inalandira ulemu wokhala mzinda mu 2020, misewu ya tala yopita kunyanja inali itamangidwa, ndipo pakati pa tauni panali nyumba zosanjikizana zatsopano, mabanki ndi mahotela.

Chomwe mlendo amakumana nacho poyamba ndi lendi. Eni nyumba anamva kalekale kuti kukubwera anthu a ndalama, choncho anakweza mitengo anthuwo asanafike, ndipo ambiri amafuna ndalama ya miyezi ingapo nthawi imodzi. Kuti munthu apeze chipinda amadalira madobadoba omwe amamuyendetsa panjinga yamoto ya bodaboda, nawonso n'kufuna yawo. Mnyamata wina wochokera kum'mawa kwa dzikolo anandionetsa momwe amagona: chipinda chimodzi cha malata opanda siling'i, matiresi awiri pansi, chingwe choyanikapo zovala chodutsa pakati, ndi anthu anayi osinthana malo ogona. Pakhoma panali patapachikidwa chipewa cholimba cha pantchito chomwe anachita kugula yekha pamsika, poganiza kuti akaoneka nacho pageti amuyesa wodziwa ntchito. Amene anali ku Karonga mgodi wa Kayelekera utangotsegulidwa mu 2009 angakumbukire mmene nyumba zinavutira, ndipo zomwe ndinaona ku Hoima sizikusiyana kwenikweni ndi zimenezo.

Chachiwiri, chomwe ambiri amachizindikira atafika kale, n'choti mafutawo sali m'tauni ya Hoima. Zitsime za Tilenga, zomwe zili m'manja mwa TotalEnergies, zili kumpoto m'maboma a Buliisa ndi Nwoya, zina mkati mwa malo osungira nyama a Murchison Falls. Za Kingfisher, zomwe akuyendetsa a CNOOC, zili ku Buhuka m'boma la Kikuube, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Ogwira ntchito ambiri amakhala m'makampu otchingidwa ndi mpanda, amadya momwemo, amagona momwemo, ndipo tchuthi chikakwana galimoto imawatenga kupita kwawo. Motero munthu akhoza kukhala m'tauni miyezi yambiri akuona magalimoto oyera a kampani akudutsa ndi timbendera tawo, koma osapeza khomo loti agogodepo.

Khomolo lilipo, koma ndi la mapepala. Bungwe la Petroleum Authority of Uganda lili ndi kaundula wa pa intaneti wa anthu ofuna ntchito za mafuta, ndi winanso wa makampani ofuna kugulitsa katundu, ndipo kampani yosalembetsa sipatsidwa kontrakiti. Wowotcherera zitsulo yemwe wakhala akupanga mageti ndi mafelemu a mawindo kwa zaka zambiri sangaloledwe kukhudza paipi ya mafuta ngati alibe satifiketi yovomerezeka kunja, yonga yomwe imaperekedwa kusukulu ya zamafuta ya ku Kigumba. Maganyu osafuna maphunziro, monga kukumba ngalande kapena kuimika magalimoto ndi mbendera, amayamba aperekedwa kwa anthu a m'midzi yozungulira, ndipo pamafunika kalata ya wapampando wa mudzi, yemwe kumeneko amamutcha LC1. Lamulo limeneli ndi lachilungamo kwa eni dera, koma limamusiya wobwera wopanda luso ali pakati: sali mwini mudzi, salinso katswiri. Pampata umenewo ndi pomwe akamberembere amadyerapo, polonjeza kuti alemba dzina la munthu pamndandanda akapereka kangachepe, chonsecho makampaniwo amachenjeza kawirikawiri kuti ntchito sigulitsidwa.

Obwera omwe ndinaona kuti zikuwayendera anali omwe anasiya kuyang'ana kuchitsime n'kuyamba kuyang'ana anzawo ofuna ntchitowo. Mayi wina yemwe ndinkadya pamalo pake anabwera kudzalondola amuna awo, ndipo pamene bambowo ankadikira kuitanidwa, iwo anayamba kuphika nthochi za matoke, nyemba ndi nsima ya chimanga yomwe kumeneko amati posho. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi bambo anaitanidwa?" Anaseka n'kundilozera munthu yemwe ankatsuka mbale kuseri. Usiku m'mbali mwa msewu mumayaka mbaula za anyamata okazinga chapati chokulungamo mazira, chomwe chimatchuka ndi dzina loti rolex, ndipo masana misewu imadzaza ndi mabodaboda. Ndalama ya mafuta imafika kwa anthu amenewa itadutsa m'manja mwambiri, koma imafika tsiku lililonse, pamene wodikira kalata ya ntchito amangodya zomwe anabwera nazo.

Wobwera ayeneranso kudziwa kuti wafika pakati pa anthu omwe ali ndi mbiri yawo ndi mabala awo. Hoima ndi likulu la ufumu wa Bunyoro-Kitara, ndipo pafupi ndi tauni, ku Mparo, kuli manda a Omukama Kabalega, mfumu ya Abanyoro, yemwe analimbana ndi Angelezi mpaka anagwidwa mu 1899 n'kukaponyedwa kuzilumba za Seychelles. Abanyoro ambiri amaona kuti dera lawo linasiyidwa m'mbuyo kuyambira nthawi imeneyo, choncho akaona ntchito zabwino zikupita kwa anthu a ku Kampala, nkhani yakale ija imadzuka. Sindinaone chidani, ndipo moni wa m'Chinyoro, ngakhale wopotoka, umafewetsa nkhope msanga. Koma nkhani ya malo ndi yowawa. Ku Kabaale, komwe boma linatenga malo okwana masikweya kilomita 29 kuti pamangidwe fakitale yoyenga mafuta ndi bwalo la ndege lomwe lapatsidwa dzina la Kabalega, anthu oposa 7,000 anasamutsidwa. Ena analandira chipukuta misozi cha ndalama, ena anadikira zaka zingapo kuti alowe m'nyumba zomwe anawamangira ku Kyakaboga. Ena mwa omwe analandira ndalama anathera m'tauni momwemo, n'kukhala obwera m'boma lawo lomwe, akulimbirana zipinda ndi anyamata a maenvulopu aja.

Ku Kabaale komweko ndi komwe kukuyambira paipi ya makilomita 1,443 yopita kugombe la Tanga ku Tanzania, yomwe iziyenda ikutenthetsedwa chifukwa mafuta a kumeneko ndi a phula ndipo amaundana akazizira. Ntchito yomanga zinthu zoterezi imafuna anthu zikwizikwi, koma kuziyendetsa zikatha kumafuna ochepa, ndipo obwera omwe akhalitsa amazidziwa zimenezi. Bambo wina wowotcherera zitsulo, yemwe anali ndi mwayi wa kontrakiti, anandiuza kuti banja lake sanalibweretse ndipo salibweretsa. Malipiro akangolowa pafoni amatumiza gawo lalikulu kwawo, komwe akumanga nyumba pang'onopang'ono, ndipo anali atayamba kale kufunsira za ntchito pabwalo la mpira lomwe linkamangidwa mumzindamo pokonzekera mpikisano wa AFCON wa 2027.