Maserati yanga ya mawaya, sabata yachitatu: ndaphwasula kutsogolo konse

Abale, Loweruka ndinaphwasula mbali yakutsogolo yonse n'kuyambiranso, mtima unawawa koma panalibe kuchitira mwina. Kwa amene mwangondipeza kumene, ndikupanga kagalimoto kotengera Maserati GranTurismo yoyamba ija, imene anaionetsa ku Geneva mu 2007, yojambulidwa ndi a Pininfarina, kampani ya ku Italy yojambula maonekedwe a magalimoto. Ndikugwiritsa ntchito mawaya, zitini ndi malegeni basi, muyezo wake 1:10, ndiye poti yeniyeniyo kutalika kwake ndi mamita 4.88, yangayi ikuyenera kukhala pafupifupi masentimita 49, kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo 29 ndi kachidutswa.

Vuto linali boneti. Matayala akutsogolo ndinawaika pafupi kwambiri ndi chitseko, mmene zimakhalira timagalimoto tomwe tinazolowera mtauni muno, ndiye ndikaiimika patebulo imaoneka galimoto wamba, osati Maserati olo pang'ono. Ndinakhala ndikuyang'anitsitsa zithunzi pafoni mpaka usiku ndipo m'pamene ndinaona chomwe ndimaphonya, injini ya V8 (ya masilinda 8) ya malita 4.2 ija, yomwe ankaipangira ku Ferrari, sinakhale pamwamba pa matayala ayi, anaikankhira kumbuyo kwake cha ku galasi, kuti kulemera kugawikane bwino, 49 pa 100 kutsogolo 51 kumbuyo, ndiye n'chifukwa chake pakati pa tayala ndi chitseko pali mpata waukulu chonchija. Boneti yaitali ija si yongokongoletsa, injini ndi imene inalamula. Nditangosuntha matayala masentimita awiri kupita kutsogolo, eee, galimoto inasinthiratu nkhope.

Denga nalo linandivuta ndithu. Iyi si ya mpikisano yoti ulowemo awiri mothinana, ili ndi mipando inayi yeniyeni, yopangidwira ulendo wautali, munthu uchoke Milan kupita Rome ukafike msana uli bwinobwino ngakhale ili ndi 405 horsepower komanso imatha kufika 285 km pa ola. Ndiye waya wa dengawo umafunika upite patali kumbuyo koma osatukuka, msinkhu wonse masentimita 13 ndi theka okha. Ndaupinda kanayi, wachinayiwo ndi umene ndakhutira nawo.

Zomwe zatheka pano: kukamwa kwake kozungulira ngati dzira kuja ndamaliza, timizere toimirira ndadula kuchitini n'kutipindira mkati monga zilili pa yeniyeni, timabowo titatu ta m'mbali kuseri kwa tayala tilipo mbali zonse. Chatsala pamenepo ndi chizindikiro, mkondo wa mano atatu uja, anautengera ku chiboliboli cha Neptune, mulungu wa nyanja wa Aroma akale, mumzinda wa Bologna ku Italy komwe abale a Maserati anayambira mu 1914. Ndikuyesa ndi waya wa kopa wochokera mu chaja yakufa koma dzino lapakati likumapindika ndikamalumikiza, ndifuna pulayala yaing'ono yosongoka.

Mnzanga wina akuti bwanji osapanga yatsopano ya 2022 ija, ya injini ya V6 yotchedwa Nettuno kapena ya magetsi yotchedwa Folgore. Ndi zabwino, sindikutsutsa, koma ine chinandikoka ndi kulira kwa V8 ija, ndimatha kuimvera pa YouTube kambirimbiri ndikupinda mawaya.

Sabata ya mawa matayala, ndapeza kale patapata wakuda wokhuthala bwino, kenako chiwongolero choti chizikhotetsadi. Penti ndikufuna wa buluu wodera, ngati alipo akudziwa penti wogwira pachitini osasupuka andiuze chonde.