Boti la m'diramu ku Chiputula

Alamu anga amapha usipa ku Nkhata Bay, ndipo mng'ono wawo wa ku Johannesburg anawatumizira injini yatsopano ya boti, Yamaha Enduro ya mahosipawa 15. Katunduyo anatsikira pa depoti ya Mzuzu, ndiye poti ine ndimakhala ku Chiputula, ntchito yokatenga ndi kusunga inagwera ine.

Pafoni alamuwo ananditsina khutu kuti injini yatsopano saithamangitsa tsiku loyamba. Imafuna maola 10 oizoloweza. Mphindi 10 zoyamba izingolira pansipansi, kenako osapitirira theka la moto mpaka ola likwane. Oyilonso amachulutsa: lita imodzi pa malita 25 a petulo, pomwe ikazolowera ndi lita imodzi pa 50. Anadandaula kuti maola amenewa awadyera masiku a mdima, pajatu usipa amaukopa ndi nyali mwezi kulibe.

Ndinaona kuti apa ndi pomwe ndingatchukire kwa apongozi. Mzuzu tilibe nyanja, koma mvula sitibwereka kwa munthu, ndipo diramu la amayi eni nyumba linali tho kuseri kwa khitchini. Injini yotereyi imadziziziritsa ndi madzi amene imakoka pansi, choncho makaniko aliyense akamaiyesa pamtunda amaiviika mumgolo. Ndinakhomera thabwa pamitengo iwiri, kumangirira injini, mwendo wake n'kulowa m'madzi bwinobwino. Kukoka chingwe, inalira. Utsi wabuluu tolotolo, kumbuyo kwake kamadzi kakutuluka tsiriri. Asodzi amati ikukodza, ndipo injini yokodza ndiye yamoyo.

Anthu anasonkhana. Ana a mpanda wonse, mayi wa mandasi, ngakhale wakabaza wina anatsitsa kasitomala panjira kuti aone ngati tatsegula chigayo. Pakati pawo panali aneba anga achikulire, amene anakwerapo Ilala kupita ku Likoma kalekale, ndipo kuyambira pamenepo nkhani iliyonse ya m'madzi amaweruza ndi iwo.

"Achimwene," anatero akugwedeza mutu, "injini siizolowera ili pa nyutilo. Imafuna ilemedwe, pulopela azikankha madzi. Apa mukungotentha petulo."

Chopweteka n'chakuti ankanena zoona. Chimene sananene n'chakuti kulemedwako kumafunika boti pansi pake ndi nyanja patsogolo. Ndisanayankhe, dzanja lawo linali kale pa giya.

Abale, madzi a m'diramu amaoneka ochepa akakhala phee. Akadzuka ndi ambiri. Anatumphuka n'kundimenya kumaso, diramu linayamba kuvina ngati wamalipenga, thabwa likulira kwe kwe. Pofuna kugwirira kuti ndisagwe, ndinagwira chogwirira cha injini, ndipo chogwiriracho ndiye chowonjezera moto. Theka la moto la alamu lija tinalidutsa osaliona. Aneba anali atafika kale kumpanda wawo, akukuwa kuti "Zimitsani! Zimitsani!" osanena kuti pati.

Chapafupi pomwepo amayi eni nyumba anali atayanika ufa woyera pamphasa ziwiri, dzuwa lake lija la ku Mzuzu limene munthu amalidikira sabata. Madzi osakanikirana ndi oyilo anaufikira wonse. Diramu litatsala pang'ono kuuma, kukodza kuja kunaleka, phokoso n'kusintha. Amene anatipulumutsa ndi mwana wa Sitandade 4. Anaona kachingwe kofiira kopotanapotana kakulendewera, n'kukasolola kuti akaseweretse. Injini inangoti zii. Kameneko ndi kamene woyendetsa amamanga padzanja kuti akagwera m'nyanja boti lisapite lokha.

Amayi anatuluka, anayang'ana mphasa, anayang'ana ine ndikudontha.

"Bambo a kwathu, mwafika kuti ulendowu? Ku Usisya?"

Loweruka alamu anabwera ndi makaniko wawo. Anamasula mwendo wa injini n'kutulutsa impela, kalabala kokhala ndi mapiko kamene kamapopa madzi. Madzi omwewo ndi amene amakafewetsa, ndiye kakazungulira pouma kamapsa nthawi yomweyo. Kathu kanali katathothoka mapiko. Makanikoyo anatola zidutswa zonse n'kuziyala pachikhatho mpaka zitakwanira, poti kachidutswa kakatsalira m'njira ya madzi injini imadzatentha muli pakati pa nyanja. Alamu sanakalipe. Anangofunsa mwaulemu ngati kwathu ku Dedza anthu amaphunzirira njinga m'chipinda chogona, kenako anandiuza kuti maola 10 aja ayambira pa ziro.

Mlandu wa ufa unatha ndi thumba la chimanga, ndalama ya kuchigayo ndi ndowa ya usipa wouma imene alamu anatumiza pa minibasi. Usipawo amayi anaukonda kwambiri, moti mwezi ukatha ndikapita ndi lendi amandifunsa ngati alamu alibe injini ina yofuna kuzolowezedwa. Akuti diramu lilipo, ndipo ufa ayanika pafupi.