Zimene ndaphunzira pa kulera gumbwa m'thanki ya paludarium

Paludarium ndi thanki yagalasi yomwe mbali ina muli madzi, mbali ina mtunda wonyowa, monga zilili m'mphepete mwa dambo. Pophunzira za gumbwa ndi abale ake ndaona kuti anthu amasamala kwambiri za madzi n'kuiwala kuwala, chonsecho chomerachi chimafunanso kuwala kokwanira.

Gumbwa weniweni, Cyperus papyrus, amene wadzaza ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire, amatalika mamita 4 mpaka 5, ndiye m'nyumba sangakwane. Woyenera ndi mbale wake, Cyperus alternifolius wa ku Madagascar, yemwe amafika pafupifupi mita imodzi. Thanki ikhale yosavindikira kuti mapesi atulukire pamwamba.

Bzalani mumphika wapulasitiki wobowola, wa masentimita 15 kukamwa kwake, chifukwa mizu yake imayanga msanga n'kulanda malo a zomera zina. Sakanizani makande magawo 2 ndi mchenga gawo limodzi, pamwamba muthire mchenga wokhakhala masentimita 3 kuti dothi lisadetse madzi. Manyowa aawisi musaike ayi: amawolera pansi popanda mpweya, madzi amayamba kununkha ngati dzira lovunda, ndere n'kuchuluka. Madzi apitirire pakamwa pa mphika ndi masentimita 2 mpaka 5 basi. Akazama kwambiri, timphukira tatsopano timawola tisanatulukire kunja.

Nyali iziyaka maola 10 mpaka 12 patsiku, ndipo ipachikidwe pamwamba pa mitu ya chomeracho, osati pakamwa pa thanki. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Masamba onse ali kunsonga, choncho nyali ikakhala m'munsi imaunikira mapesi okhaokha, ndipo atsopano amatuluka oonda, otuwa, othyoka okha. Phesi likapindika silidzukanso, lidulireni patsinde. Nsonga za masamba zikamauma, mpweya wa m'chipindamo ndi wouma, ndipo posakhalitsa mudzaona akangaude ofiira, aja amavuta pa tomato. Tsukani masamba ndi madzi, makamaka kunsi kwake. Mankhwala ophera tizilombo musapopere ngati m'madzimo muli nsomba.

Kuchulukitsa n'kosavuta. Dulani mutu wokhwima ndi phesi la masentimita 10, masamba muwafupikitse ndi theka, kenako muuviike m'madzi mozondotsa, mutu pansi. Pakatha milungu 2 kapena 3, mizu ndi timphukira zimatuluka pakati pa masamba paja. Mphika ukathina, kawirikawiri pakatha chaka, zulani, mugawe tsinde ndi mpeni wakuthwa, gawo lililonse likhale ndi mapesi osachepera 3.