Sabata ya phunziro la khansa ya m'mimba

Sabata yathayi inali nthawi yanga yophunzitsa anzanga pa msonkhano wa m'mawa pachipatala chathu kuno ku Chigwa cha Shire, ndipo anandipatsa mutu wa khansa ya m'mimba. Lolemba ndi Lachiwiri ndinatanganidwa ndi odwala malungo, kotero ndinkawerenga usiku kutentha kukachepako.

Ambirife timadziwa kachilombo ka Epstein-Barr chifukwa cha khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada za ana m'madera a malungo ngati kwathu kuno, ndipo kanapezeka mu 1964 m'maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) a chotupa chomwechi. Chimene sitikamba kawirikawiri n'chakuti mwa odwala khumi alionse a khansa ya m'mimba padziko lonse, pafupifupi mmodzi amakhala ndi kachilomboka m'maselo a chotupa chake. Kakalowa m'selo kamabisala, koma majini ake ena (malangizo achibadwa opangira mapuloteni), monga EBNA1 ndi LMP2A, sasiya kugwira ntchito. LMP2A imadzutsa puloteni ya STAT3, iyo n'kuchulukitsa puloteni ina ya DNMT1, imene imatseka jini ya PTEN yoletsa selo kuchulukana mopanda malire. LMP2A imadzutsanso puloteni ya NF-kB, ndipo maselo ena a chotupacho amayamba kudziberekanso okha ndi kupirira mankhwala. Ambiri mwa maselo otere amadziwika ndi chizindikiro cha CD44, puloteni yopezeka pamwamba pa selo.

Pophunzitsa Lachinayi ndinayerekeza maselowa ndi chitsa cha nzimbe za ku Nchalo, chimene chimaphukanso ngakhale munda wonse utadulidwa, chifukwa akatswiri amaona kuti ndiwo amachititsa chotupa kubwerera wodwala atalandira kale chithandizo. Namwino wamkulu anafunsa mosabisa kuti, "Adokotala, nanga ife izi zitithandiza chiyani, poti zipangizo zake tilibe?" Funsolo linali loyenera. Kuyeza kwa EBER, kotsimikizira kuti kachilomboka kali m'chotupa, kumachitika m'malabotale akuluakulu, ndiponso bakiteriya wa Helicobacter pylori ndiye amayambitsa khansayi mwa anthu ambiri. Komabe ndinawayankha kuti khansa yovuta kuizula chotere imafuna kuipeza isanafalikire, ndipo imeneyo ndiyo mbali yathu.

Lachisanu kunabwera bambo wina wachikulire amene anakhala akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba kwa miyezi ingapo, koma akuwondabe, akusanza akangodya, magazinso atachepa. Sindinawonjezere mankhwala ena, koma ndinawalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Gulupu, ku Blantyre, kuti akawaunike m'mimba ndi kamera ndi kutapako kanyama kokayeza.