Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Beseni la kuchidikiro

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe bambo a kunyumba anakwera basi ya ku Joni, ine nditatsala ndi pathupi pa miyezi inayi. Nyumba ya lendi ku Mchesi tinaibweza kwa eni ake, ndipo ndinabwerera kwathu ku Bembeke, ku Dedza, kukakhala ndi amayi ndi agogo. Munali mu 2018, ndipo masiku anga ankagwera mu June. Amene amakudziwa ku Dedza amvetsa kale kuti June wa kumeneko ndi wotani: nkhungu m'mawa, mphepo yolasa m'mafupa, madzi a mumtsuko osagwirika.

Kusikelo tinkayamba ndi nyimbo, kenako anamwino ankaima kutsogolo n'kumatchula katundu woti tikonzeretu. Zitenje 6 zochapa bwino, beseni, pulasitiki yakuda yoyala pabedi, lezala latsopano losatsegula m'kapepala kake, ulusi, sopo, matewera, kachipewa, masokosi, ndi tochi. Ankatchula mobwerezabwereza mpaka tonse tinaloweza. Mayi wina atadandaula kuti chipatala n'cha boma, nanga lezala tigule bwanji tokha, anamwino anayankha modekha kuti, "Amayi, zipangizo zathu zimakhalapo, koma tsiku lina zimatha. Mwana wanu sadzadikira galimoto ya mankhwala."

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi. Iwo anandiberekera kwa azamba, boma lisanaletse azamba kubereketsa mu 2007, ndipo anandiuza kuti mchombo wanga unadulidwa ndi kachidutswa ka bango kakuthwa. Anandiuzanso za mwana wa mnzawo amene anabadwa bwinobwino, koma patangopita masiku anasiya kuyamwa, nsagwada zinauma, thupi lonse n'kumakokeka mpaka kutisiya. Pamudzi anati watsempheka. Lero tikudziwa kuti anali kafumbata, matenda olowera pabala la mchombo likakhudzidwa ndi chinthu chauve. Kuyambira tsiku limenelo lezala lija ndinasiya kuliona ngati kanthu ka pagolosale, ndipo katemera wa kafumbata amene amabaya amayi oyembekezera sindinamuzembe.

Ndalama yogulira zonse pakamodzi panalibe. Amayi ankagulitsa mbatatesi ndi tomato pamsewu wa M1, ine ndinkawathandiza kuunjika, ndipo tsiku lililonse la msika tinkapatula kangachepe kogulira chinthu chimodzi. Lero sopo, sabata yamawa chitenje. Tizovala tinasankha pakaunjika, amayi n'kutichapa ndi madzi otentha, kutiyanika padzuwa, kutisita. Zitenje zatsopano anazichapa kawiri kuti zifewe, chifukwa chitenje chochokera m'sitolo chimakhala chokhakhala ndipo sichimwa madzi. Zonse zinkalowa m'beseni la pulasitiki lomwe tinalimanga ndi nsalu n'kuliika pansi pa bedi. M'kathumba kapadera, komwe amayi anakasokera m'kati mwa chikwama, tinaikamo ndalama ya njinga yamoto. Anandilumbiritsa kuti ngakhale ndiwo zisowe, ndalama imeneyo si yokhudza.

Kenako kunabwera katundu wochokera ku Joni, wotumizidwa pa basi: bulangete lalikulu lamaluwa, tinsapato, paudala, ndi botolo loyamwitsira. Ndinalira nditaziona, chifukwa ndinkadziwa mmene mwamuna wanga ankavutikira kuti apeze ndalama imeneyo. Koma alangizi a zaumoyo a m'dera lathu atazifika, botolo ndi paudala anati ndisunge kutali. Botolo n'lovuta kutsuka ndipo limatsegulitsa ana m'mimba. Mwana ayamwe bere lokha mwakathithi kwa miyezi 6, osam'patsa ngakhale madzi. Paudala amalowa m'mphuno, ena amafika mpaka pamchombo. M'malo mwake anandilangiza chinthu chomwe kusikelo sichinatchulidwe: thermometer, choyezera kutentha kwa thupi. Anati dzanja la mayi limanama, makamaka nyengo yozizira. Ndinakaigula kufamase pa boma. Anandiphunzitsa kuiika m'khwapa, n'kundilembera kuseri kwa buku langa lachipatala kuti kutentha kwa thupi la khanda kuzikhala pakati pa 36.5 ndi 37.5.

Mwezi wachisanu ndi chinayi utayamba, tinasenza beseni kupita kuchidikiro, amayi ali gadiyani wanga. Kuchirira pakhomo kunalibe, poti mafumu anaika chindapusa. Za matenda enieniwo sindinena zambiri. Anayamba usiku, magetsi atazima, ndipo tochi ija inagwira ntchito yake m'manja mwa amayi wothandizira anamwino.

Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake ankati zitenje zichuluke. Mwana atangotuluka anam'pukuta ndi chitenje choyamba, n'kuchitaya pambali chili chonyowa. Anam'goneka pachifuwa panga, khungu kukhungu, n'kutifunditsa tonse chachiwiri, kachipewa kali kumutu. Chachitatu ndi chachinayi zinapita kwa ine. Pofika m'bandakucha m'beseni munatsala chimodzi chokha chouma. Anamwino anam'paka mankhwala a tetracycline m'maso, anam'baya vitamini K pantchafu, ndipo pamchombo anapakapo mankhwala opha majeremusi a chlorhexidine. Tisanatuluke analandira katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, pamkono ndi madontho a poliyo, ine n'kupatsidwa neti. Amayi ankafuna kumusambitsa, madzi atatenthetsa kale, koma anamwino anati adikire maola 24 chifukwa khanda limazizidwa msanga.

Nkhondo inali kunyumba, m'chikuta. Agogo anali atakonzeratu mwaye wa kukhitchini ndi maluwa a dzungu oti afinyire pamchombo kuti ugwe msanga.

"Mdzukulu wanga, ana onse a pamudzi pano ndinawasamala ine. Amako omwewa ndinawapaka zomwezi, si awa ali apa?"

Ndinagwada pambali pa mphasa. "Agogo, ndikudziwa kuti inu ndi amene munatilera. Koma achipatala apakapo kale mankhwala awo, ndipo anena kuti tikasakaniza, bala litukusira. Chonde tiusiye uume wokha."

Anakhala chete nthawi yaitali. Amene anamasula nkhani ndi amayi, potchula mwana wa mnzawo uja. Agogo ankamukumbukira, poti kumaliro kwake analiko. Anatenga kambale ka mwaye n'kukataya kudzala okha, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankaonetsetsa kuti thewera lapindidwa m'munsi mwa mchombo ndiponso kuti wofuna kunyamula mwana wayamba wasamba m'manja ndi sopo. Alendo ena ankanyinyirika, koma agogo ankakhala pakhomo ndi beseni ndi kapu, ndipo palibe ankawadutsa. Mpaka lero ndimawathokoza mayi amenewo. Kusiya zomwe wachita moyo wako wonse chifukwa cha mawu a mdzukulu si chinthu chapafupi.

Usiku wina, mchombo usanagwe, ndinadzuka kuti ndiyamwitse n'kupeza timapazi tili zii. Amayi atamugwira pamphumi anati ali bwino. Ndinatenga thermometer, ndipo inaonetsa 35.9. Mtima unagunda. Ndinakumbukira amayi a ana obadwa masiku asanakwane omwe ndinawaona kuchipatala atamangirira ana awo pachifuwa, njira ya kangaroo, yomwe kuno ku Malawi inayambira ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ndinam'vula n'kumusiya ndi thewera, kachipewa ndi masokosi, ndinam'lowetsa pakati pa mabere, amayi n'kutimanga ndi chitenje, pamwamba bulangete la ku Joni lija. Anayamwa bwino, ndipo zimenezo zinandikhazika mtima pansi. Patapita ola tinayezanso, 36.6.

Kutacha amayi anasomola kathumba kaja, tinaitana wanjinga yamoto, ulendo wa kuchipatala. Anamwino anamuyeza, anaona mchombo, anawerenga kapumidwe, n'kuti ali bwino. Kenako anandikhazika pansi, amayi ali pomwepo. Anati khanda likafika 37.5 kupita m'mwamba kapena kutsika kuposa 35.5, likasiya kuyamwa, likamapuma mothamanga kufika ka 60 pa mphindi imodzi, likakomoka, likachita chikasu m'manja ndi m'mapazi, kapena mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya, tisadikire kucha. Anatiletsanso kum'mwetsa panado kapena mankhwala alionse a pagolosale, chifukwa amangobisa matenda pomwe mwana akutha.

Thermometer ija kuyambira pamenepo inakhala ya mudzi wonse. Pakati pausiku kunkamveka odi, ukatsegula n'kupeza mwana watumidwa: "Amayi akuti mutibwereke choyezera chija." Amayi ankaipukuta n'kupita nayo okha, chifukwa manambala aja anali atawaloweza kundiposa.

Mchombo unagwa wokha, wouma bwino, ndipo agogo anakaukwirira komwe amadziwa iwo. Tinatuluka m'chikuta, mwana anametedwa, ndipo panatsala nkhani ya dzina, yomwe inatsala pang'ono kuyambanitsa amalume anga ndi apongozi a ku Ntcheu. Imeneyo ndi ya gawo 10.