Ulendo wa gulu lathu la makanema: masiku atatu tikuonera ma documentary

Anzanga amene simunapite nawo, paja munati ndikangobwerako ndilembe zonse, nde ndi izi. Ndachedwako pang'ono chifukwa ndimafuna kaye mutu ukhazikike, zina zomwe tinaonera uko sizoti ungadzuke m'mawa nkuyamba kuzilemba.

Tinanyamuka Lachisanu m'mamawa anthu 11 pa minibasi imodzi, titanyamula laputopu, ma flash awiri ndi masipika a gulu aja. Anzathu omwe tinakawachezerawo gulu lawo ndi lakale kuposa lathu, amakumana kawiri pa mwezi ndipo saonera china chilichonse koma ma documentary basi, mafilimu a zinthu zochitikadi, opanda ma actor. Munjira ambiri tinali ndi kamantha koti titopa nazo chifukwa ife documentary timaidziwa ngati mkango ukuthamangitsa mbidzi kwinaku bambo wa mawu a besi akufotokoza. Mnyamata wathu wa projekita mpaka ananyamula mafilimu ena a nkhondo kuti zikavuta tisinthe, koma flash imeneyo sinatuluke mchikwama mpaka tinabwerako.

Titafika, a tcheya awo, bambo achikulire ofatsa kwambiri, anatiuza malamulo awiri a pamalopo. Loyamba, filimu ikatha palibe otuluka mpaka aliyense alankhulepo. Lachiwiri ndi lomwe landikhalira mumtima mpaka pano, lakuti amene wabweretsa filimu ayankhe mafunso awiri: ojambulawo anakhala nthawi yaitali bwanji ndi anthu omwe amawajambula, nanga ndi chani chomwe filimuyo yasiya osatiuza. Anati filimu ya munthu yemwe anangofika pamudzi sabata imodzi nkubwerera imaonekeratu, anthu amalankhula ngati akulankhula ndi mlendo.

Usiku woyamba anatiikira Honeyland ya 2019. Abale, ngati mungathe kupeza imodzi yokha pa zonse zomwe nditchule pano, pezani imeneyi. Ndi nkhani ya mayi wina dzina lake Hatidže wa ku mapiri a North Macedonia, amakhala m'mudzi woti anthu onse anasamukamo, atsala awiri ndi mayi ake okalamba odwalika omwe sadzuka pabedi, ndipo iye amafula njuchi za m'mapanga ndi m'makoma a miyala. Lamulo lake ndi limodzi, uchi amatenga theka, theka lina amasiyira njuchi. Kenako panafika banja lina ndi ng'ombe zawo ndi ana 7 phokoso lokhalokha, mayi uja anakondwa kuti wapeza ocheza nawo mpaka anamuphunzitsa bambo wa banjalo kaweteredwe ka njuchi, koma wogula uchi wina anayamba kumupanikiza bamboyo kuti akufuna wambiri, nde iye anakokolola uchi wonse m'ming'oma yake, njuchi zake zitasowa chakudya zinakathira nkhondo njuchi za Hatidže. Mulibe munthu wofotokoza, mulibe wofunsa mafunso, umangoona zikuchitika. Amene anabweretsa filimuyi anatiuza kuti opanga ake, Tamara Kotevska ndi Ljubomir Stefanov, anajambula zaka zitatu, maola opitirira 400, ndipo chiTurkish chomwe anthuwa amalankhula iwo samachimva nkomwe, ankangotsatira nkhope ndi manja. Ku ma Oscar inalowa m'magulu awiri, la documentary ndi la filimu yakunja, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo.

Itatha ambiri tinamukalipira bambo uja kuti ndi wadyera. Koma amayi ena a gulu lathu lomwe, aja sakonda kulankhula aja, anaimirira nkunena kuti achimwene, inu mwawerenga njuchi ine ndimawerenga ana, munthu wa ana 7 akauzidwa kuti bweretsa uchi ndikupatse ndalama lero, ndani pano akanakana. Tinakhala chete. Ndipo ndi zoona filimuyo simutukwana bamboyo, imamuonetsa akulumidwa, akutopa, akukangana ndi mkazi wake. Munthu wongobwera sabata imodzi akanangotionetsa mfiti ndi mngelo.

Loweruka m'mawa tinayamba ndi ya nkhonya, When We Were Kings ya 1996, ya nkhondo ya Muhammad Ali ndi George Foreman ku Kinshasa pa 30 October 1974. Olo musakonde nkhonya iyi muikonda. Ali anali ndi zaka 32, Foreman 25 asanagonjepo ndi kamodzi komwe, anthu ambiri amaopa kuti Ali avulazidwa, koma iye anangotsamira zingwe kumusiya mnzakeyo amenye mpaka atope kenako nkumugwetsa mu raundi ya 8. Wopanga filimuyi, Leon Gast, anapita kukajambula chikondwerero cha nyimbo chomwe munali James Brown, B.B. King ndi Miriam Makeba, Foreman atachekeka pamwamba pa diso nkhonya inaimitsidwa milungu ingapo, Gast anangokhala konko nkumajambula Ali akuyenda ndi anthu m'misewu. Matepi anakhala zaka 22 filimu isanatuluke chifukwa cha ndalama ndi milandu. Pa funso lachiwiri lija mtsikana wina wa gulu lawo anati taonani, anthu a ku Zaire (dzina la DR Congo nthawi imeneyo) akungoimba Ali bomaye, kutanthauza Ali muphe, koma okhala pampando kutifotokozera nkhani ndi alendo okhaokha, za Mobutu, pulezidenti wankhanza wa dzikolo, zikungodutsidwa mwachangu. Ndinali nditaionerapo kale filimuyi koma zimenezo sindinaziganizepo.

Masana inali nthawi yathu. Ife tinatenga Searching for Sugar Man ya 2012, ija tinaonera tonse chaka chatha tinaikonda kwambiri ija. Kwa omwe munaphonya, ndi ya woimba wa ku Detroit, Sixto Rodriguez, yemwe anatulutsa zimbale ziwiri mu 1970 ndi 1971 sizinagulidwe kwawo ku America, iye nkubwerera ku ntchito zomanga ndi kugumula nyumba, osadziwa kuti ku South Africa nyimbo zake zili m'nyumba zambirimbiri ndipo anthu kumeneko amakhulupirira kuti anadzipha pa steji. Anthu awiri omukonda a ku Cape Town anamusakasaka mpaka anamupeza wamoyo, mu 1998 anakaimba kumeneko maholo odzadza. Anzathuwo anaombera m'manja, ena misozi, ife nkumamva bwino kuti tabweretsa katundu. Kenako a tcheya anatifunsa modekha kuti nanga yasiya chani. Tinayang'anizana. Bambo wina wa gulu lawo nde anatiuza kuti Rodriguez anali wotchuka ku Australia ndipo anakaimbako mu 1979 ndi 1981, kutanthauza kuti sizoti munthuyu sanadziwepo kuti kwina kwake amakondedwa, koma filimu sinatchule zimenezo chifukwa nkhani ya munthu woiwalidwa ndi dziko lonse imakoma kwambiri.

Apa ndi pomwe panabuka mkangano weniweni wa ulendo wonse, unatenga pafupifupi maola awiri. Ena amati limenelo ndi bodza basi, kubisa ndi kunama nchimodzimodzi. Ena amati ayi filimu ikufotokoza zomwe anthu a ku South Africa ankadziwa nthawi ya tsankho, atatsekeredwa kunja kulibe intaneti, ndipo iwo za Australia samazidziwa. Ine ndili pakati koma ndapendekera kwa achiwiriwa, ndimaikondabe ndipo ndikukuuzanibe kuti muionere, kungoti muzidziwa kuti pali chidutswa chomwe anachotsa. A tcheya anati vutoli ndi lakale ngati documentary yomweyo, anatiuza za Nanook of the North ya 1922 yomwe ambiri amaitenga ngati kholo la mafilimu amenewa, kuti woipanga Robert Flaherty anamupatsa mlenje wa kumpoto kwa Canada yemwe ankamujambulayo dzina loti Nanook pomwe dzina lake lenileni linali Allakariallak, anamuuza asake ndi mkondo pomwe anali atazolowera kale mfuti, ndipo kanyumba ka ayezi kojambuliramo anakamanga kopanda mbali imodzi kuti kuwala kulowe. Nde kuyambira pachiyambi pomwe kamera imasankha.

Usiku wa Loweruka ndi womwe wandichedwetsa kulemba. Anatichenjeza kaye kuti amene mtima wake suli bwino akhoza kukapuma, awiri anatulukadi ndipo palibe anawaseka. The Act of Killing ya 2012, ya Joshua Oppenheimer. Ku Indonesia mu 1965 ndi 1966 anapha anthu osachepera 500,000 powaganizira kuti ndi achikomyunizimu, ndipo opha aja sanazengedwe mlandu, anakalamba akulemekezedwa. Oppenheimer anapeza ena mwa iwo mu mzinda wa Medan, wamkulu wawo Anwar Congo, nkuwauza kuti apange okha filimu yoonetsa momwe ankaphera, m'njira iliyonse yomwe akufuna. Iwo anavomera mosangalala. Anwar akukwera padenga la nyumba ina nkumaonetsa momwe ankapotokolera anthu ndi waya kuti magazi asachuluke, akamaliza akuvina pomwepo. Amavala ngati zigawenga za m'mafilimu a ku America omwe ankawakonda ali anyamata. Koma pomwe iye anakhala pampando kusewera ngati wophedwa, atamangidwa kumaso waya uli pakhosi, china chake chinathyoka mkati mwake, ndipo kumapeto akubwerera padenga lija thupi likukana, akufuna kusanza koma osatuluka kanthu. Mayina akamadutsa kumapeto ambiri a ogwira ntchito a ku Indonesia angolembedwa kuti Anonymous poopa kuphedwa. Palibe anaombera m'manja. Lamulo loti aliyense alankhule lija a tcheya analiimika mpaka m'mawa. Sindingakuuzeni kuti ndi yokoma, koma ndikuti munthu wamkulu aliyense aionere kamodzi, osati yekha, komanso ana asakhale pafupi. Pali inzake ya 2014, The Look of Silence, yomwe ikuonetsa mbali ya ofedwa, imeneyo sitinaifikire.

Lamulungu m'mawa titakambirana za usiku uja anatipepuza ndi Free Solo ya 2018, Alex Honnold kukwera thanthwe la El Capitan ku Yosemite ku America, pafupifupi mamita 900, opanda chingwe, maola osakwana anayi. Manja anatuluka thukuta holo yonse. Chomwe ndinakonda ndi choti ojambulawo ndi anzake enieni ndipo akuoneka akudzifunsa ngati nkoyenera kujambula mnzawo yemwe akhoza kugwa iwo akuona, wina mpaka akutembenuka kusiya kamera ikujambula yokha.

Yotsekera inali Virunga ya 2014, ya asilikali oteteza paki ya Virunga kum'mawa kwa DR Congo, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1925 ndipo muli anyani akuluakulu aja a m'mapiri, ma gorilla. Orlando von Einsiedel anapita kukajambula ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, nkhondo ya zigawenga za M23 ya 2012 inamupeza ali konko, kwinaku kampani ya mafuta ya ku Britain ikufuna kufufuza mafuta mkati mwa paki. Muli bambo wina André Bauma wolera ma gorilla amasiye, mabomba akulira iye wakana kuthawa wawakumbatira ngati ana ake. Nkhope ya bambo ameneyu sindidzaiwala.

Ziwiri zomwe nthawi inatikanika koma anatilembera papepala ndi kutikakamiza kuti tisazisiye ndi izi. Hoop Dreams ya 1994, anyamata awiri a ku Chicago, William Gates ndi Arthur Agee, olota kusewera basketball mu NBA, opanga ake amafuna kakanema ka mphindi 30 koma anathera zaka zisanu akuwatsatira, filimu nkukhala pafupifupi maola atatu, muli kuvulala bondo, fizi kusowa, magetsi kudulidwa pakhomo, ndipo onse awiri ku NBA sanafike. Ina ndi mndandanda wa Up wa ku Britain, anatenga ana 14 a zaka 7 mu 1964, olemera ndi osauka, nkumabwerera kwa iwo zaka 7 zilizonse mpaka 63 Up mu 2019, Michael Apted yemwe anautsogolera kuyambira gawo lachiwiri anamwalira mu 2021. Amayi ena a gulu lawo anati pa ana 14 aja atsikana anali anayi okha, nde funso lachiwiri lija analiyankhiratu tisanaonere nkomwe.

Zina zing'onozing'ono zomwe tatengako: ma subtitle aziyesedwa dzulo lake osati anthu atakhala kale pansi, filimu yolemera isamakhale yomaliza pa tsiku ngati anthu akubwerera okha usiku, komanso iwo amasunga kope momwe amalemba filimu iliyonse, chaka, woipanga ndi zomwe anthu anatsutsana. Kope lathu alembi agula kale.

Pobwerera mu minibasi palibe anagona, mkangano wa Sugar Man unayambiranso ndipo amayi aja a njuchi ndi ana anapitiriza kumuikira kumbuyo bambo wa ng'ombe mpaka tinafika. Anzathuwo abwera kwathu pakatha miyezi itatu ndipo tagwirizana kuti tidzawaonetse Softie ya 2020, ya Sam Soko, yotsatira Boniface Mwangi wa ku Kenya ndi mkazi wake Njeri pomwe bamboyo amapikisana nawo pa chisankho cha 2017. Ntchito yofufuza kuti anajambula zaka zingati komanso chomwe yasiya yapatsidwa kwa ine ndi mnyamata wa projekita. Tisanafike kumeneko Loweruka likubwerali tikuonera Hoop Dreams, tiyamba 2 koloko chifukwa ndi yaitali, amene muli ndi masipika a gulu chonde mubwere nawo msanga.