Tsiku lowerengera mtengo wa utoto

Lachiwiri, ku Matawale. Ndinadzuka m'bandakucha, phiri la Zomba lidakali m'nkhungu, ndipo ndisanamwe tiyi ndinatsegula kabuku kamene ndimalembamo ndalama zonse chiyambire pamene ndinatsimikiza mtima kuti ndisiye ntchito ya ukalaliki wa zachuma, imene ndaigwira kwa zaka 17, n'kukaphunzira luso lojambula ndili ndi zaka 43.

Cha m'ma 9 koloko ndinali nditafika kale ku Chirunga, ku University of Malawi, imene ambirife timaitchulabe kuti Chanco ngakhale kuti dzina linasintha mu 2021, pamene makoleji ena anapatuka n'kukhala mayunivesite paokha. Ndinapita kukafunsa za khomo lolowera anthu akuluakulu amene anagwirapo ntchito, ndipo anandilandira bwino n'kundiuza mapepala ofunika. Potuluka ndinaima kanthawi pafupi ndi Great Hall, ndikuyang'ana ophunzira amene ena mwa iwo ndi amsinkhu wa mwana wanga woyamba. Manyazi sanandigwire. Chimene chinandigwira ndi masamu, chifukwa mnyamata wochokera ku sekondale amalipira fizi yokha ndi zofunika pa moyo wake, pamene ine ndidzalipira fizi, lendi, chakudya cha anthu asanu, ndiponso malipiro a mwezi ndi mwezi amene adzasiya kubwera.

Anzanga a ku ntchito amanena kuti nditenge ndalama za penshoni. Zoona, lamulo limati wantchito azisonkha 5 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana aziwonjezerapo 10 peresenti, kotero pazaka zonsezi kanthu kanaunjikana ndithu. Koma ndalama zimenezo anazisungira ukalamba, ndipo sindikufuna kuti akazi anga adzavutike m'tsogolo chifukwa cha chisankho changa cha lero. Za katapira sindikuziganizira n'komwe, pakuti ndalemba m'mabuku a ofesi mayina ochuluka a anthu amene malipiro awo ankathera kwa obwereketsa lisanafike ngakhale tsiku la 5 la mwezi.

Masana ndinatsikira kumsika waukulu, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira zambiri kuposa m'mawa. Munthu akamva za sukulu amaganiza za fizi, koma wojambula amadya utoto tsiku lililonse. Utoto wabwino wa m'machubu, maburashi ndi mapepala olimba zimachokera kunja, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake sinabwererenso pansi. Bambo wina wachikulire amene amalemba zikwangwani za masitolo anandiona ndikugwiragwira nsalu ndipo anati, "Achimwene, musataye ndalama pa nsalu yodula mukadali ophunzira. Gulani kaliko, mumukoke bwino pa felemu ya matabwa a paini, mumupake penti yoyera ya m'nyumba kawiri kapena katatu, aume, basi mwapeza pojambulapo." Anandionetsanso mmene amasakanizira mitundu itatu yokha, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, n'kupeza ina yonse. Ndinamufunsa ngati angandilole kumuthandiza Loweruka lililonse, ndipo anavomera kuti tizigawana kangachepe pa chikwangwani chilichonse chimene ndidzamalize ndekha. Ntchito imeneyi ena amainyoza, koma ine ndikuiona ngati sukulu yoyamba, chifukwa imalimbitsa dzanja ndipo imalipira tsiku lomwelo.

Pobwerera ndinadzera kwa malume ku Chinamwali, popeza nkhani yaikulu chonchi sungaiyambe iwo osadziwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mphwanga, kodi zithunzi zimadyedwa?" Funso lawo ndi lachilungamo ndipo sindinalipeputse. Ndinawakumbutsa za ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo osema ziboliboli ambiri aphunzitsa ana awo ndi ndalama za luso lawo. Ndinawauzanso kuti zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linazizindikira mu 2006 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, anazijambula ndi makolo a dziko lino, osati alendo. Sanandiyankhe kuti inde, koma anati ndisachoke pa ntchito ndisanasunge ndalama zokwanira chaka chathunthu, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo kwathunthu.

Madzulo ano tinakhala pa mkeka ndi akazi anga, kabuku kali pakati. Iwo ali m'gulu la banki m'khonde limene limagawana masheya mu Disembala, ndipo ine ndili m'chipereganyu cha anthu asanu ndi mmodzi ku ntchito. "Abambo," anatero, "gawo langa la chaka chino lipite ku fizi ya teremu yoyamba, koma utoto muzigula ndi ndalama za zikwangwani, osakhudza za ndiwo." Tinalemba zimenezo m'kabuku ndipo tonse tinasainira, monga mmene timachitira ku ofesi.

Kaliko uja ndamukhomera kale pa felemu, ndipo penti yoyamba ikuuma pakhonde. Mawa ndisanapite ku ntchito ndipaka yachiwiri.